Namwino Akatembenuka, Wodwala Amatsala ndi Ndani?

Ndi 2 koloko usiku, mabedi onse m'wodi ya amuna ndi odzaza, ndipo namwino alipo mmodzi. Uyu dilipi yamuthera, uyo akusanza, winayo wangotuluka kumene ku fiyeta ndipo sanatsitsimuke. Namwinoyo ali ndi manja awiri ndi maso awiri basi. Akawerama pa bedi loyamba, ndani akuyang'ana bedi lomaliza? Akathamanga kukaitana dokotala, ndani akumva kuti kapumidwe ka mkulu wagona pakona uja kasintha?

Funsoli ndi la chipatala chilichonse m'chigawo chino cha Kum'mawa kwa Zambia, kaya ndi Chipata Central, St Francis ku Katete, kapena Mwami, chipatala cha mpingo wa Seventh-day Adventist chomwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Chipata, kufupi ndi malire a Malawi. Yankho lake tonse tikulidziwa. Wodwala amatsala ndi anthu aja timapambana nawo pakhonde osawapatsa moni: othandizira m'wodi, mapota okankha sitirecha, mameidi okolopa ndi kusintha zofunda, antchito amene amadziwika kuti ma CDE. Iwowa ndiwo amanyamula wodwala, kumutembenuza, kuchotsa bedipani, kuthamangitsa magazi ku labu, ndi kuperekeza womwalira ku mochale.

Funsani namwino amene wakhalitsa pantchito kuti amafuna munthu wotani pambali pake. Za mphamvu zonyamulira adzazitchula pomaliza. Adzayamba ndi munthu wamaso, wonena zoona, wodziwa pamene ntchito yake yalekezera, wa manja oyera, waulemu ndi wosunga pakamwa. Zonsezi zimakumana pamodzi: namwino amafuna munthu woti akamusiyira wodwala, mtima wake ukhale m'malo. Ife tikuti anamwino akufuna zoyenera. Koma kodi makhalidwe amenewa munthu amangobadwa nawo? Ngati sabadwa nawo, akuwaphunzitsa ndani? Ndipo amene ali nawo, tikumupatsa chiyani?

Mbiri ya Mwami yomwe ikutithandiza kuona kulemera kwa nkhaniyi. Chipatalachi anachiyambitsa Dr E. G. Marcus mu 1927, ngati nthambi ya ntchito yachipatala ya ku Malamulo, m'boma la Thyolo ku Malawi, ndipo mu 2027 chikwanitsa zaka 100. Kwa zaka zambiri Mwami inatchuka ndi kusamalira odwala khate. Khate limawononga mitsempha, motero munthu amapsa ndi moto kapena kuponda minga osamva kanthu, mpaka chilonda chimakula n'kudya chala. Mankhwala ophatikiza amene masiku ano amachiza khate m'miyezi 6 mpaka 12 anayamba kufala m'zaka za m'ma 1980. Kale lonselo chisamaliro chinali cha tsiku ndi tsiku: kutsuka chilonda, kumanga bandeji, kuyang'ana mapazi, mawa kubwerezanso. Dokotala mmodzi kapena awiri akanatha bwanji? Ntchito imeneyo inali m'manja mwa ana a kuno, madiresa ndi othandizira, amene ankagwira anthu omwe abale awo enieni ankaopa kudya nawo m'mbale imodzi. Mayina a madokotala ali m'mabuku. Nanga a amene ankamanga zilonda aja? Pa chikondwerero cha zaka 100, adzatchulidwa?

Tiyambe ndi maso. Ndani m'wodi amaona wodwala pafupipafupi kuposa onse? Dokotala amadutsa m'mawa pa raundi, n'kupita kwina kumene akumudikira. Namwino amabwera ndi mankhwala pa nthawi yake. Wothandizira ndiye amachotsa mbale n'kuona kuti nsima yabwerera yosakhudzidwa, masana ndi madzulo omwe. Ndiye amakhuthula bedipani n'kuona kuti mkodzo wachepa, kapena kuti chimbudzi chada bii, zomwe zingatanthauze kuti munthu akutaya magazi m'kati. Ku wodi ya amayi obereka, ndiye amasintha nsalu n'kuona kuti magazi akuchuluka. Ndipo kutaya magazi oposa theka la lita mayi atangobereka ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri mu Africa muno. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, mtima wake n'kumagunda ka 60 mpaka ka 100. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa apo, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa apo, azaumoyo amayamba kuganizira chibayo. Wodwala shuga akayamba kutuluka thukuta lozizira n'kumayankhula zosokonekera, nthawi zambiri shuga watsika, ndipo mphindi zochepa zimasiyanitsa moyo ndi maliro. Kuona zimenezi sikulira digiri. Kumalira munthu amene anauzidwa choti aziyang'ana, komanso wa mtima wosanyozera chimene waona. Ndi angati mwa othandizira athu anakhazikidwapo pansi n'kuuzidwa manambala amenewa?

Nanga kuona kopanda kunena kuli ndi phindu lanji? Namwino amakonda wothandizira amene amabwera msanga n'kunena mosazungulira: "Asisita, ambuya a pa bedi 6 aja akupuma mofulumira, thupi lazizira, ndipo sakundiyankha monga amachitira madzulo." M'mawu ochepawo muli bedi, muli chimene chasintha, muli ndi nthawi imene chayambira. Yerekezani ndi uja amati, "Ndimati ndikuuzani mukamaliza," kapena uja amangodikira kuti ena aone okha. Pakadafunda padajiwitsa galu. Koma apa tifunsenso anamwino eni ake. Wothandizira akabwera ndi nkhani yotere, mumamulandira bwanji? Ngati dzulo munamukalipira pamaso pa odwala kuti iye ndi wokolopa chabe, sadziwa kanthu, mukuganiza kuti lero abweranso? Akabwera kakhumi, kasanu ndi kanayi n'kupezeka kuti panalibe vuto, mudzamuyamikira chifukwa cha kamodzi kotsalako, kapena mudzamuuza kuti akukutayitsani nthawi? Wodi imene wamng'ono amaopa kuyankhula ndi wodi yoopsa kugonamo.

Chachiwiri ndi choonadi. M'zipatala zina othandizira amatumidwa kuyeza kutentha kwa thupi, kuyeza sikelo, nthawi zina ndi BP yomwe. Kodi chimachitika n'chiyani munthu akatopa, mabedi akali ambiri, n'kungolemba 37 pa tchati osayeza? Kapena n'kukopera 120/80 ya dzulo poti wodwalayo akuoneka bwino? Alimi a kuno amadziwa kuwawa kwa sikelo yobera ya venda pa nthawi yogulitsa soya ndi mtedza. Nambala yopeka pa tchati ndi sikelo yoteroyo, kungoti chimene chikuyezedwacho ndi moyo wa munthu. Dokotala adzayang'ana nambalayo n'kusiya mankhwala amene akanapereka, kapena n'kutulutsa munthu amene anayenera kukhalabe. Namwino angalolere kupeza malo opanda kanthu pa tchati, wothandizira n'kunena kuti, "Sindinafike pa bedi limenelo," kusiyana ndi kupeza bodza lolembedwa mwaudongo. Chimodzimodzi zinthu zikalakwika. Wodwala akagwa pa bedi, botolo la magazi a uyu likasokonekera ndi la uyo, wothandizira wokhulupirika amanena nthawi yomweyo, chifukwa cholakwa chodziwika msanga chimakonzeka. Koma kodi oyang'anira zipatala akonza njira yoti munthu aulule cholakwa osaopa kuchotsedwa ntchito tsiku lomwelo? Ngati mphotho ya kunena zoona ndi kalata yochenjeza, tikudabwa chiyani anthu akamabisa?

Chachitatu ndi kudziwa malire. Kodi wothandizira wabwino ndi uja amachita chilichonse? Anamwino adzakuuzani kuti munthu woopsa kwambiri m'wodi ndi wodzidalira mopitirira. Waona jakisoni akubayidwa kwa zaka zambiri, ndiye akuti nayenso angathe. Dilipi ikuyenda pang'onopang'ono, iye n'kuitsegula kuti ithe msanga, osadziwa kuti kwa mwana wamng'ono kapena kwa wodwala mtima madzi ochuluka amadzaza m'mapapo. Wodwala akudikira opaleshoni, wauzidwa kuti asadye kanthu, iye n'kumumvera chisoni n'kumupatsa phala. Agogo amene anachita sitiroko sakutha kumeza bwino, iye n'kuwamwetsa madzi atagona chagada, madziwo n'kulowa m'chifuwa. Chifundo chopanda chidziwitso chimapha. Safunsa anadya phula, ndipo m'chipatala wodya phulayo amakhala wodwala. N'chifukwa chake namwino amalemekeza munthu amene amatha kunena kuti, "Izi sindidziwa, dikirani ndiitane asisita."

Komabe tisaloze chala mbali imodzi. Ndani amawakankhira anthuwa kudumpha malire? M'zipatala zing'onozing'ono zakumidzi m'dziko muno, n'zodziwika kuti namwino yekhayo akapita ku boma kukatenga mankhwala, kapena akadwala, amene amatsala pakhomo ndi CDE. Mayi akabwera usiku ndi mwana wotentha thupi, CDE uja amubweze? Akamuthandiza zinthu n'kulakwika, mlandu ndi wa yani? Namwino ali ndi bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia lomulembetsa ndi kumuweruza. Madokotala ndi makiliniko ofesa ali ndi Health Professions Council of Zambia. Nanga munthu amene tamusiyira makiyi a chipatala usiku, malire a ntchito yake analembedwa pati, ndipo anamuwerengera ndani?

Chachinayi ndi manja. Mu 1847, ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis anaonetsa kuti imfa za amayi obereka zimatsika kwambiri madokotala akamasamba m'manja ndi madzi a kolorini asanawagwire. Papita zaka zoposa 170, koma nkhondoyo sinathe. Lipoti la World Health Organization la 2022 linati m'mayiko osauka ndi apakati, mwa odwala 100 aliwonse ogonekedwa m'chipatala, 15 amatenga matenda ena m'chipatala momwemo, pamene m'mayiko olemera ndi 7. Munthu amabwera ndi mwendo wothyoka n'kutuluka ndi chilonda cha mafinya. Matenda amenewa amayenda bwanji kuchoka pa bedi ili kupita pa ilo? Amakwera manja. Ndipo ndi manja a yani amene amagwira mabedi ambiri pa tsiku kuposa a wothandizira? Namwino amayamikira munthu amene amasamba m'manja asanagwire wodwala ndiponso atamugwira, amene savala magolovesi amodzimodzi kuyambira bedi loyamba mpaka lomaliza, amene amataya singano m'bokosi lake, amene amadziwa kusakaniza kolorini pa mlingo woyenera, ngakhale palibe womuyang'ana.

Takhala tikuona mtengo wa ntchito imeneyi. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'Zambia muno, mpaka bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka chipatala. Ya ku Malawi ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700. Pa chipata cha Mwami ndi Mchinji anthu amawoloka tsiku lililonse, ndipo matenda safunsidwa pasipoti. M'misasa ya kolera, ndani ankakhuthula ndowa, kuthira kolorini pansi, kusintha zogonera, ndi kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono usiku wonse? Mliri utatha, tinawakumbukira? Ndipo kodi n'chilungamo kulalikira za kusamba m'manja pamene pa mpopi wa m'wodi sipakutuluka madzi, sopo anatha sabata yatha, magolovesi akuperekedwa mowerengera?

Chachisanu ndi ulemu, ndipo apa m'pamene mtima wa munthu umaonekera. Wodwala amene sangathe kudzitembenuza yekha amafunika kumutembenuza pafupifupi maola awiri aliwonse. Akapanda kutero, khungu la pamsana, m'chiuno ndi pa zidendene limafa, n'kutuluka zilonda zozama zimene zimatenga miyezi kuti zipole, zina osapola n'komwe. Ndi ntchito yolemetsa, yobwerezabwereza, yopanda woombera m'manja. Koma pali njira ziwiri zoigwirira. Wina amangofika n'kuvundukula bulangeti, n'kumukoka munthu osamuuza kanthu. Wina amayamba watchinga ndi sikirini kapena chitenje, n'kunena kuti, "Zikomo atate, ndikutembenuzeni pang'ono kuti msana upume." Mkulu wa Chingoni amene pa Nc'wala amavina ku Mtenguleni atanyamula chishango, amene kwawo amaweruza milandu, lero wadziipitsira pa bedi. Manyazi amene ali nawo ndi matenda achiwiri. Kodi wothandizira amukwinyira nkhope n'kumukalipira kuti wodi yonse imve, kapena amusambitsa mwakachetechete n'kumuuza kuti, "Musadandaule atate, zimachitika"? Mwami imadziwikanso ndi chithandizo cha maso, ndipo ambiri obwera ndi ng'ala ndi okalamba amene saona bwino. Munthu wosaona ukamugwira osamuuza kuti ndiwe ndani ndipo ukupita naye kuti, umamuopseza. Kodi n'kovuta kunena kuti, "Ambuya, ndine wothandizira asisita, gwirani mkono wanga, kutsogoloku kuli sitepe"?

Anamwino amadziwa kuti ulemu ndi gawo la mankhwala. Wodwala wolemekezedwa amaulula kuti sanamwe mapiritsi aja, amaulula kuti anayamba wapita kwa sing'anga ndipo anamwa zakutizakuti, zomwe dokotala ayenera kudziwa. Wonyozedwa amatseka pakamwa, ndipo ulendo wina akadwala amachedwa kunyumba mpaka matenda atakula. Nanga tilekerenji kuitana anthu ndi mayina awo ndi ulemu wa kwawo? Munthu akagona m'chipatala amasiya kukhala amama, atate kapena ambuya, n'kusanduka "bedi 4" kapena "wa TB uja"?

Chachisanu ndi chimodzi ndi pakamwa. Madokotala ndi anamwino ambiri amachokera kutali ndipo amasamutsidwa. Othandizira ambiri ndi a m'midzi yozungulira chipatala. Amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi odwala, amapemphera nawo tchalitchi chimodzi, amakumana nawo pa maliro. Umenewu ndi mwayi waukulu: amadziwa chinenero, amamva Chichewa, Chinsenga ndi mayankhulidwe a Angoni, ndipo namwino wochokera ku Kitwe kapena ku Mongu amadalira iwo kuti amve zimene agogo akutanthauza akamafotokoza ululu wawo mozungulira. Koma ndi ngozinso. Wothandizira amaona amene akulandira ma ARV, amadziwa mtsikana amene wapita padera, amanyamula fayilo ya mfumu. Akakafotokoza kamodzi kokha pa mjigo, ndi anthu angati m'mudzimo adzasiya kupita kukayezetsa magazi? Ndi angati adzayamba kukwera basi kukatenga mankhwala ku chipatala chakutali kumene sadziwika, tsiku lina n'kusowa ya basiyo, n'kudumphitsa mankhwala? Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wosiyidwa pa mjigo umatsata chipatala chonse.

Pali nkhani inanso imene tiyenera kuitchula poyera: ya "kenakake". Kodi sitirecha ifike msanga kwa amene wapereka ya drinki, wosauka n'kumadikira pa benchi? Kodi wachibale wa wothandizira alowe kutsogolo kwa mayi amene wayenda wapansi kuchokera mbandakucha? Kodi wodwala wochokera kutsidya kwa malire alandiridwe ndi nkhope ina? Namwino woona mtima amadana ndi zimenezi, chifukwa manyazi ake amagwera yunifolomu yake. Ifenso abale a odwala tidzifunse: amayambitsa ndani kupindira ndalama m'manja?

Tsopano tiwerenge zimene tafuna kwa munthu mmodziyu: maso, kulimba mtima ponena, choonadi, kudzichepetsa, ukhondo, ulemu, chinsinsi, ndi manja osalandira ziphuphu. Ndi katundu wolemera. Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna zonsezi, takonzeka kulipira mtengo wake?

Mayiko ena anaphunzira nkhaniyi mowawa. Ku England, kafukufuku wa Robert Francis amene anatuluka mu 2013 anaulula kuti pa chipatala cha Stafford odwala ankasiyidwa m'zofunda zonyowa, ena osamwetsedwa madzi, ena osathandizidwa kudya. Chaka chomwecho Camilla Cavendish anaunika ntchito ya othandizira anamwino n'kupeza kuti panalibe maphunziro ofanana amene aliyense ankayenera kudutsamo asanayambe kugwira odwala. Zotsatira zake, mu 2015 anakhazikitsa Care Certificate, maphunziro oyambira a wothandizira aliyense. Ku United States, lamulo la 1987 linalamula kuti wothandizira anamwino m'nyumba zosamalira okalamba aphunzire maola osachepera 75 ndi kulemba mayeso. Kodi ife tidikire kuti tsoka lotere litigwere kaye?

Ndipo tisanene kuti Zambia singathe, chifukwa inachitapo kale. Mu 2011 boma linatsegula sukulu ku Ndola yophunzitsa ma Community Health Assistant, achinyamata osankhidwa m'madera awo omwe, ophunzira chaka chimodzi n'kubwerera kukagwira ntchito kwawo. Gulu loyamba, la anthu pafupifupi 300, linamaliza mu 2012, ndipo kenako sukulu ina inatsegulidwa ku Mwachisompola. Ngati tinatha kupanga maphunziro, satifiketi ndi malire omveka a wothandiza wa kumudzi, chikutiletsa n'chiyani kuchita chimodzimodzi kwa wothandiza wa m'wodi? Mu 2022 boma linalemba ntchito azaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo tinayamikira. Koma namwino watsopano akafika m'wodi n'kupeza kuti womuthandiza sanaphunzitsidwe, nthawi yake yochuluka idzathera pati? Namwino akamakolopa, kukankha sitirecha ndi kuthamangira ku labu, amene akuwerengera madontho a dilipi ndani? Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Pa ndalama zimene zimaperekedwazo, ndi zingati zimafika kwa munthu wonyamula bedipani?

Nanga chitetezo chawo? Amene amatola zinyalala za m'wodi ndiye amabayidwa ndi singano imene wina wasiya m'nsalu. Kodi amadziwa kuti mankhwala oteteza ku HIV munthu akabayidwa ayenera kuyambika msanga, maola 72 asanathe? Kodi amadziwa chitseko choti agogode usiku, kapena amangotsuka chalacho n'kukhala chete poopa kufunsidwa mafunso? Kodi analandira katemera wa hepatitis B, matenda a chiwindi amene amayenda m'magazi? Amene amasesa m'wodi ya chifuwa chachikulu ali ndi masiki yoyenera, kapena masikiyo amasungira akuluakulu? Msana wake, umene umanyamula anthu tsiku ndi tsiku, anamuphunzitsa kanyamulidwe kosaupweteka? Ndipo munthu amene sadziwa ngati kontirakiti yake ipitirira mwezi wamawa, amene ana ake abwezedwa kusukulu, tingamuuze bwanji ndi nkhope yowongoka kuti asalandire ya drinki? Umphawi suchotsa mlandu wa chiphuphu, koma olemba ntchito amene amachedwetsa malipiro ali ndi gawo lawo pa mlanduwo.

Mafunso ena ndi a ife abale. M'zipatala zathu ntchito yaikulu yosambitsa ndi kudyetsa imagwiridwa ndi achibale ogona pambali pa bedi, amene kuno timati mabedisaida, kutsidya kwa Mchinji amati magadiyani. Wothandizira wanzeru amawaphunzitsa: kamwetsedwe ka wodwala atamudzutsa, kusamba m'manja, zizindikiro zoti akaona aitane namwino. Akatero, wodi imakhala ndi maso ambiri. Koma ife timamutenga bwanji munthu ameneyu? Akatiuza kuti nthawi yoona odwala yatha, timamutukwana. Akatiletsa kupereka mankhwala azitsamba mobisa pansi pa bulangeti, timati ndi wamwano. Wodwala wathu akachira, nkhuku timakapereka kwa dokotala. Amene ankamutembenuza usiku uja, ngakhale "zikomo" timamupatsa?

Mpingo nawo uli ndi funso lake. Zipatala za mishoni, zimene zimagwirira ntchito pamodzi pansi pa Churches Health Association of Zambia kuyambira 1970, zimaphunzitsa kuti kutumikira wodwala ndi kutumikira Mulungu. Pa Sabata, pamene anzake ali m'tchalitchi, wothandizira wa pa shifiti ali m'wodi akusintha zofunda za munthu amene sakumudziwa n'komwe. Pali ulaliki woposa umenewo? Ngati palibe, ulemu umene timamupatsa pa malipiro, pa yunifolomu, ndi pa misonkhano ya antchito ukufanana ndi zimene timalalikira? Ophunzira unamwino pa sukulu ya Mwami, amene mawa adzakhala oyang'anira mawodi m'dziko lonse lino, akuphunzitsidwa kutuma wothandizira momveka, kumuyang'anira, kumumvera ndi kumuthokoza? Namwino amene anaphunzira kulamula yekha, osaphunzira kumvera, adzataya maso amene akanamupulumutsira odwala. Mutu umodzi susenza denga.

Pempho lathu n'lomveka. Unduna wa Zaumoyo ulembe poyera zimene wothandizira m'wodi ayenera kuchita ndi zimene sayenera kukhudza. Pasapezeke munthu wogwira wodwala asanadutse maphunziro oyambira a zizindikiro zoopsa, ukhondo, kanyamulidwe, ulemu ndi chinsinsi, ndipo maphunzirowo akhale ndi satifiketi yozindikirika ku Chipata, ku Lundazi ndi ku Lusaka komwe. Aliyense alandire katemera ndi zodzitetezera. Pa kusinthana shifiti, wothandizira aime nawo pamodzi ndi anamwino, anene zimene waona. Amene waonetsa luso ndi mtima atsegulidwe njira yopitira ku sukulu ya unamwino. Ndipo wosasamala, wonama pa tchati, woulula zinsinsi ndi wolandira ziphuphu alangidwe mosanyengerera, pakuti amadetsa mbiri ya anzake ambiri okhulupirika.

Izi siziyenera kudikira Lusaka kuti ziyambe. Mwami ikhoza kutsogolera, zipatala zina za m'chigawo chino n'kutengerapo. Sukulu ya unamwino ilipo, aphunzitsi alipo, mawodi ophunziriramo alipo, ndipo anthu ofuna kuphunzira akukolopa m'makonde momwemo tsiku lililonse. Chikusowa n'chiyani, nanga tikudikira ndani?